Ana a ku Mabvuku ndi Mbare, werengani gawo 43

Achinyamata anzanga a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Epworth, mwa inu amene munafika Fomu 4, ndi angati munatsegulapo malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a mu 2013? Ali pa intaneti, mutha kuwawerenga pafoni yomwe mwagwirayi.

Ndikufunsa chifukwa nkhaniyi imatikhudza ife kuposa ena. Agogo athu anachoka ku Nyasaland, ena ku Mozambique ndi ku Zambia, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Anabereka ana konkuno, koma pazitupa za anawo panalembedwa kuti alien, kutanthauza mlendo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri anataya mwayi woponya voti m'dziko lomwe anabadwira. Mpaka lero mukamayankhula ndi akuluakulu ena mumamva akuti, "Za boma zisiyeni, ife ndife alendo." Sindiwadzudzula ayi. Munthu amene wakula akuuzidwa kuti mlendo ndi mame amazolowera kuyenda chozyolika. Koma iwowo anadzimana kuti ife tipite kusukulu, ndipo sukuluyo iyenera kubwerera pakhomo.

Gawo 43 likunena kuti munthu amene anabadwira ku Zimbabwe malamulowa asanakhazikitsidwe, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ankakhala konkuno pamene malamulowa ankakhazikitsidwa, ndi nzika yobadwa. Amayi anu akudziwa zimenezi? Nanga amalume aja amene chitupa chawo sanasinthitsebe? Wowawerengera ndi kuwaperekeza kukasintha ndi inuyo. Munthu wopanda chitupa cholondola amavutika kutengera mwana wake satifiketi yobadwira, ndiye vuto la agogo limafika mpaka kwa mdzukulu pa nthawi ya mayeso.

Gawo 6 likutchula Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Gawo 7 likulamula boma kumasulira malamulowa m'ziyankhulo zonsezo ndi kuwaphunzitsa m'sukulu. Aphunzitsi, ana athu akuwamvadi m'kalasi?

Ndiye pali madzi. Gawo 77 likuti aliyense ali ndi ufulu wa madzi abwino akumwa. Komabe ku Mabvuku ndi Tafara mabanja ambiri atha zaka mipopi ili youma, atsikana akulawirira pamzere wa kumjigo m'malo mowerenga. Kolera ya mu 2008 ndi 2009 inapha anthu opitirira 4,000 m'dziko muno, ndipo mu 2018 inabweranso ku Glen View ndi Budiriro. Zimandiwawa kuti tonse timadandaula m'kombi, koma khonsolo ikaitanitsa msonkhano wa bajeti m'wadi mwathu, achinyamata sitioneka. Dzina la khansala wathu ambiri sitilidziwa n'komwe.

Sindikuti mulowe chipani chakuti. Zimenezo ndi zanu. Ndikuti amene amadziwa masamu akafunse ndalama za madzi zomwe timalipira zikupita kuti. Amene amalemba bwino alembe kalata ya madandaulo, anthu asaine, pakuti gawo 59 limalola kupereka madandaulo mwamtendere. Wakwanitsa zaka 18 akalembetse zovota ku ZEC, bungwe loyendetsa zisankho.

Timakumana kale kutchalitchi, kumzikiti, kumabungwe a maliro ndi kubwalo la gule. Sabata ino mukakumana, mmodzi awerenge gawo 43 mokweza, wina alimasulire m'Chichewa pang'onopang'ono kuti agogo amve, kenaka mufunse amene zitupa zawo zikadali zakale.