Inu a ma Land Cruiser ndi ma Hilux akale, lekani kunamizira galimoto

Pamzere wa dizilo nyimbo imakhala imodzimodzi: "Galimoto iyi ikumwa, yakalamba." Tsiku lina amene ankadandaula choncho anali mnyamata wa Hilux kutsogolo kwanga. Injini yake inakhala ikulira pafupifupi ola lonse pamzerepo, ati foni ichaje. Nditayang'ana matayala akutsogolo, ma hub onse awiri, tizitsulo tapakati pa tayala tolumikizira matayala akutsogolo ku mphamvu ya injini, anali pa LOCK, dzuwa lili phwee mwezi wa October, matope omaliza anawaona mu March. Ndinamufunsa kuti, "Mwanawe, matope ukuwayembekezera pano pa filingi siteshoni?" Anangoseka.

Ine sindinaseke. Ndakalambira pachiwongolero, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi.

Zoona, magalimoto amenewa si njinga. Land Cruiser ya injini ya 1HZ ili ndi masilinda 6, malita 4.2, ndipo ndi yolemera kuposa matani awiri musanakwezemo ngakhale thumba limodzi la chimanga. Ikakhala bwino imakupatsani makilomita 7 kapena 8 pa lita. Musayembekezere kuti idzamwa ngati ka Sienta. Koma ikatsika n'kufika pa makilomita 5, musanene kuti ndi ukalamba. Pali chimene mukuchita, kapena chimene mwaleka kuchita.

Tiyambe ndi ma hub omwewo. Akakhala pa LOCK, matayala akutsogolo amazungulitsa ma shaft, difu ndi propela yakutsogolo popanda ntchito, ngakhale kagiya kakang'ono kali pa H2, pamene galimoto imakoka ndi matayala akumbuyo okha. Mukulipira mafuta kuti zitsulo zizivina. Mukatuluka m'matope, tsikani, tembenuzani pa FREE. Kamodzi pamwezi muziwaika pa LOCK n'kuyenda makilomita ochepa kuti oilo afike paliponse, basi. Choipa kwambiri ndi awa amayenda pa phula ali pa H4, matayala onse anayi akukoka. Magalimoto ngati Hilux yakale alibe difu yapakati yolola matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuzungulira mosiyana, ndiye pokhota matayala akutsogolo ndi akumbuyo amalimbana okhaokha. Mafuta akupita, matayala akudyeka, tsiku lina transfer case, bokosi logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, idzakuyankhani. A Defender musanyade: yanu imakoka ndi matayala onse nthawi zonse, koma diff lock, chokhomera difu yapakati, yosiyidwa pa phula imachita zomwezo.

Matayala nawo. Mumaphwetsa pang'ono kuti mudutse mchenga wa kunyanja, chabwino, ndi nzeru. Nanga kupopanso mumaiwaliranji? Mumachoka ku Monkey Bay mpaka ku Lilongwe tayala lili bwatata ngati chule. Kumenya ndi phazi si kuyeza. Gulani kageji, muziyeza m'mawa matayala asanatenthe, mpweya ukhale umene opanga galimoto analemba. Ndipo inu amene mwaika zimatayala zikuluzikulu zamano kuti atsikana akuoneni m'tauni, dziwani kuti kukongolako mukukulipira pa pampu.

Pamwamba pali keriyala yachitsulo, zigubu ziwiri zopanda kanthu, tayala lina, fosholo. Zakhala pamenepo chichokereni ku Nyika chaka chatha. Galimoto zimenezi zinapangidwa ngati njerwa kale, inu mukuwonjezera chisakasa pamwamba, kenako n'kuponda moto mpaka 120. Mphepo siikukankhani mofanana: kuchoka pa 80 kufika pa 120 mphamvu yake yokubwezani imaposa kawiri. Yendani 80 kapena 90, mudzafika ndithu. Maliro amene mukuthamangirawo sadzauka.

Tsopano amakaniko a pansi pa mtengo, ndili nanu mawu. Galimoto ikangotentha, inu mumathamangira kuchotsa thermostat, kachitsulo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi oziziritsa injini, n'kukataya, "Bwana, kuno n'kotentha, kachitsulo aka n'ka ku Ulaya." Bodza. Kachitsuloko kamasunga injini pa kutentha kwa madigiri cha m'ma 80, pamene dizilo amapsa bwino. Mukakachotsa injini imachedwa kutentha, m'mawa wa June ku Dedza kapena ku Mzuzu imayenda mtunda wautali ili yozizira, ikumwa mafuta ndi kudzaza mwaye m'kati. Vuto lenileni, kaya ndi radiyeta yotsekeka kaya ndi fani yotha, mwalisiya pomwepo. Chimodzimodzi utsi wakuda. Ena amaunyadira, ati mphamvu. Umene uja ndi dizilo wosapsa, ndalama zanu zikutuluka ku ekizozi. Tsegulani air cleaner, mokhala fyuluta yosefa mpweya wolowa mu injini, muone: fumbi la miyezi isanu ndi umodzi lagwirana ngati chikombole, injini ikubanika. Ngati fyuluta ili bwino koma utsi sukutha, ma nozzle, tizitsulo topopera dizilo mu injini, akayezedwe kwa anthu amene ali ndi makina ake. Pampu ya dizilo ya pa injini isamagwidwe ndi munthu aliyense wa sikuludiraiva.

Kodi mukudziwa n'komwe kuti galimoto yanu imamwa bwanji? Ambiri mumangoyang'ana singano. Dzazani thanki, lembani makilomita m'kope, yendani, dzazaninso, gawani makilomita ndi malita. Chitani katatu. Dalaivala woba mafuta amagwidwanso ndi kope lomweli.

Za dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu ndinena mwachidule. Ndikudziwa, mafuta athu amachokera kutali, ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo akasowa munthu umagwira chilichonse. Koma m'chigubumo mukhoza kukhala madzi kapena palafini. Pampu ya injini zimenezi imatereretsedwa ndi dizilo yemweyo. Palafini ndi wouma, amaidya pang'onopang'ono. Zimene mwapulumutsa pa malita 20 sizingagule ngakhale theka la pampu.

Koma chimene chandilembetsa zonsezi ndi ichi. Pali khalidwe lauchitsiru la kuika galimoto pa free, kutanthauza kuichotsa mu giya, ena mpaka kuzimitsa injini, potsetsereka. Ku Chiweta mumachita, ku Khwekhwerere potsikira ku Golomoti mumachita, potsikira ku Chikwawa mumachita, anthu ali tho kumbuyo pamodzi ndi matumba a feteleza. Mukuti mukusunga mafuta. Mafuta ake ati? Injini ya dizilo ikakhala mu giya, phazi mwachotsa, pampu imadula mafuta pafupifupi onse, galimoto ikudzigwira yokha. Mukaika pa free ndiye imayambanso kumwa kuti isazime. Mwataya chogwira galimoto, phindu palibe.

Kuzimitsa ndiye kudzikumbira manda. Mphamvu imene imafewetsa buleki imachokera ku injini. Ikazima mumatsala ndi kuponda kawiri kapena katatu, kenako buleki imauma gwa ngati mwala. Chiwongolero chimalemera. Kiyi mukamutembenuza mopitirira, chiwongolerocho chimatha kukhoma, inu muli pakona. Ngakhale injini ikulira, kutsika phiri lonse ndi buleki yokha kumaitentha mpaka kuleka kugwira. Fungo lake ndimalidziwa, ngati la mphira wopsa.

Ndinakwerapo Hilux ina ya matola pa Khwekhwerere, ndili kutsogolo. Mnyamata anazimitsa injini tisanafike pakona yachiwiri, akuimba kamluzu. Pakona yachitatu ndinaona phazi lake likupondaponda, nkhope yasintha. Amayi ena kumbuyo anayamba kuitana Yesu. Mwayi wake injini inalira atangotembenuza kiyi, anakankhira giya yachiwiri, galimoto inalira ngati ng'ombe ikuphedwa koma inagwira. Titafika pansi anatsika n'kukhala pamwala, miyendo ikunjenjemera. Mafuta amene anapulumutsa sangadzaze ngakhale kapu ya tiyi.

Giya imene mungakwerere phiri ndi yomweyo yotsikira nayo. Ine mukadzandinyamula, n'kuona dzanja lanu likupita pa kiyi tili pamtsetse, imani pomwepo nditsike. Ndodo ndili nayo, ku Golomoti ndidzafika wapansi.