Anthu a Wat Tyler musawatche zigawenga

Dzulo kuntchito mnzanga wina, munthu wophunzira ndithu, ananena kuti amene anaukira mfumu ku England mu 1381 motsogoleredwa ndi Wat Tyler anali zigawenga ndi zidakwa basi. Mpaka pano mtima ukundiwawa. Zigawenga? Anthu aja?

Mliri wa 1348 utapulula anthu, antchito anachepa, ndiye malipiro anayamba kukwera. Eni minda sanakondwe. Mu 1351 anakhazikitsa lamulo loti wantchito azilandira zomwe ankalandira mliri usanabwere, wopempha zambiri alangidwe. Patapita zaka khumi anawonjezera kuti wothawa bwana wake akhoza kuwotchedwa pamphumi ndi chitsulo cha chilembo F. Pamphumi, abale anga, ngati ng'ombe!

Lamulo la 1363 ndiye limandinyansa kwambiri. Linalowa mpaka m'mbale mwa munthu: wantchito adye nyama kapena nsomba kamodzi kokha patsiku. Linafika ndi pathupi: wolima ndi woweta ziweto amene katundu wake sakwana mashileni 40 avale nsalu yokhakhala yotchipa basi. Malipiro akuyezera, ndiwo akuyezera, malaya akusankhira. Munthu watsala ndi chiyani chake?

Pamwamba pa zonsezo, msonkho wa pamutu katatu m'zaka zinayi, chifukwa cha nkhondo ya ku France. Mu 1377 unali mapeni 4, wachitatu mapeni 12 pa aliyense wopitirira zaka 15. Inde, oukirawo anatentha nyumba ya John of Gaunt, bambo ake aang'ono a mfumu, anadula mutu wa bishopu wamkulu Simon Sudbury. Sindikukana. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anthu a ku Essex ndi Kent sanayende mpaka ku London chifukwa cha mowa ayi. Anawapanikiza mpaka anasowa popumira.

Ndipo wabodza pankhaniyi ndani? Pa 14 June ku Mile End, kufupi ndi London, mfumu Richard II, mnyamata wa zaka 14, analonjeza kuthetsa ukapolo wa m'minda, makalata n'kulembedwa. Mawa lake meya wa London William Walworth anabaya Tyler ku Smithfield. Mu July makalata aja anawafafaniza, John Ball, wansembe amene ankalimbikitsa oukirawo, n'kumupachika ku St Albans. Amenewo bwanji simuwatcha zigawenga?

Mu 1388 analetsanso antchito kusewera mpira, n'kulamula kuti mwana amene wagwira pulawo mpaka zaka 12 asaphunzirenso ntchito ina. Mwana wa zaka 12!