Kholo ndi kholo, kaya ndi nzika kaya si nzika

Ndafika kunyumba mtima ukuwira, ndipo sindigona ndisanalembe izi.

Madzulo ano tinali pa msonkhano wa bodi yoyang'anira sukulu za m'dera lathu kuno ku America. Nkhani inali yochotsa mmodzi mwa aphunzitsi awiri amene amathandiza ana ongofika kumene kuphunzira Chingerezi, kuti ndalama zake zigulire pulogalamu ya pakompyuta yokonzekeretsa ana mayeso. Mayi ena anaimirira. Ndimawadziwa bwino, mwana wawo wamkazi ali m'kalasi mwanga, Giredi 4. Anabwera atavala kale yunifolomu, poti akachoka pamenepo amapita kukakolopa maofesi mpaka mbandakucha. Zoti anene anazilemba kuseri kwa envulopu, ndipo dzanja linkanjenjemera powerenga. Asanamalize ndi mphindi imodzi yomwe, bambo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Kodi mayi inu mumavota kuno?" Ena anaseka. Wapampando anangoyang'ana wotchi yake, osadzudzula. Mayi aja anapinda envulopu ija, n'kukhala pansi, osadzutsanso mutu mpaka msonkhano kutha.

Zandinyansa. Zandinyansa kwambiri.

Mayi amenewa si nzika ya dziko lino, inde. Nanga mwana wawo amene ndimamuphunzitsa tsiku ndi tsiku uja ndi wa ndani? Amene amamudzutsa m'mawa, kumupesa tsitsi, kumuperekeza pokwerera basi kukuzizira koopsa, ndi bambo wokuwa uja? Kholo limene mwana wake amakhala pa desiki m'sukulu ino liyenera kukhala ndi mawu pa sukulu ino. Basi. Liyenera kuvota posankha anthu a m'bodi imene ikugamula za mwana wake. Pasipoti siibereka mwana, pasipoti siilera mwana.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mphunzitsi uja akachotsedwa, amene amve kuwawa ndi mayi awa ndi mwana wawo, osati aja akhala kutsogolo ndi mabotolo a madzi patebulo. Ndiye wamva m'mimbayo mukumuuza kuti akhale chete chifukwa alibe voti? Mwamumana voti, kenako mukumunyoza kuti alibe voti!

Musandiuze kuti n'zosatheka, kapena kuti ndi maloto a aphunzitsi okwiya. Ku New York makolo osakhala nzika anavota pa zisankho za mabodi a sukulu kwa zaka zoposa 30, mpaka mu 2002 pamene mabodiwo anathetsedwa sukulu n'kupita m'manja mwa meya. Ku Chicago, lamulo la mu 1988 linakhazikitsa makhonsolo a pasukulu iliyonse, ndipo makolo amavota ngakhale asakhale nzika. Makhonsolo amenewo si ochezera, amasankha mphunzitsi wamkulu ndi kuvomereza bajeti ya sukulu. Ku San Francisco anthu anavomereza mu 2016 kuti makolo osakhala nzika azivota posankha bodi ya sukulu, anayamba mu 2018, ena anakasuma, koma khoti la apilo mu 2023 linati apitirize. Kodi thambo linagwa? Palibe amene akupempha kuti mayi awa asankhe pulezidenti. Lamulo la mu 1996 limaletsa zimenezo, ndipo ine sindikulimbana nalo. Ndikunena za sukulu imene mwana wawo amapitako m'mawa uliwonse.

Chimene chimandipweteka n'chakuti dziko lomweli linavomera kale kuti mwanayo ndi wathu. Mu 1982, pa mlandu wa Plyler v. Doe wochokera ku Texas, Khoti Lalikulu linagamula kuti mwana sangathamangitsidwe sukulu ya boma chifukwa choti alibe mapepala. Mwana talandira, kholo takankhira kunja. Homuweki tikufuna asayinire, ku misonkhano ya makolo tikufuna abwere, pa zochitika za sukulu tikufuna adzipereke, ndipo msonkho wa nyumba umene umayendetsa sukuluzi akulipira kudzera mu lendi mwezi ndi mwezi. Zonsezi ndi kholo. Ikafika nthawi yosankha, mwadzidzidzi ndi mlendo. Andale akudziwa kuti munthu wopanda voti sawachotsa pampando, n'chifukwa chake sawamvera, nkhani ndi yomweyo.

Mayi omwewa ndi amene anandithandiza kumvetsa mwana wawo. Miyezi yoyamba mtsikanayo sankayankhula m'kalasi, ndipo masamu ogawa ankawalemba mwachilendo, nambala yogawira kumanja, yankho pansi pake. Mayi ake anabwera tsiku lina ine ndikutseka kalasi, anatenga pensulo, n'kundionetsa kuti kwawo amaphunzitsa choncho, ndipo mayankho onse anali olondola. Anandiuzanso kuti mwanayo amawerenga mabuku a Chisipanishi usiku uliwonse, kungoti anzake anamuseka atatchula mawu molakwika sabata yoyamba, ndiye anatseka pakamwa. Ndinamusinthira malo, ndinamulola kufotokozera anzake njira yakeyo pa bolodi. Lero ndi iye amene amayamba kukweza mkono. Zimenezo sindinazipeze mu lipoti la mayeso, ndinazimva kwa kholo. Kholo lomwelo lasekedwa madzulo ano.

Ndipo ndatopa nazo izi zimene amazitcha kukonzanso maphunziro. Ndinayamba uphunzitsi malamulo a No Child Left Behind, amene George W. Bush anasayinira mu 2002, ali pachimake: mayeso a kuwerenga ndi masamu chaka chilichonse kuyambira Giredi 3 mpaka 8, sukulu yolephera kufika pa mlingo n'kumaopsezedwa. Mu 2015 Barack Obama anasayinira lamulo lina m'malo mwake, koma mayeso a chaka ndi chaka anatsala pomwepo. Zaka zonsezi amabwera anthu a masuti ndi zikwama zawo, amene sanaimepo kutsogolo kwa ana ngakhale ola limodzi, kudzatiuza mmene tiziphunzitsira. Mwana amene wafika dzana, sanadziwe n'komwe kufunsa kuti chimbudzi chili kuti, timukhazike pa kompyuta atavala mahedifoni, aziyankha mafunso m'chiyankhulo chimene sakumva? Kuphunzitsa bwino n'kumudziwa mwana, kutchula dzina lake molondola, kuona kuti lero wabwera ndi njala kapena sakuona bwino pa bolodi. Kompyuta siona misozi.

Bodi yavota, ndipo mphunzitsi uja akuchoka mu Juni. M'kalasi mwanga mokha muli ana asanu amene amamudalira. Lolemba ndikawauza chiyani?