Silikoni sitizula, timadula

Zomwe ndaona lero m'bafa lina limene akulikonza zandipsetsa mtima kwambiri. Munthu amafuna kuchotsa kashelefu kagalasi ndi choikapo sopo pakhoma. Walowetsa screwdriver kuseri, wamenya ndi hamala, wakanula. Kashelefu kachoka, inde, koma matailosi atatu ang'aluka ndipo imodzi yazuka ndi simenti yake yomwe. Pomufunsa akuti silikoni wake, chomatira cha m'tchubu chija chomwe chinagwiriza zinthuzo kukhoma, anali wolimba. Ayi, silikoni alibe mlandu. Mlandu uli ndi dzanja lomwe linanyamula hamala.

Anthu inu, silikoni sitizula. Timadula. Akauma amakhala ngati mphira, mukamukoka amangotamuka osaduka, ndiye mphamvu zanu zonse zimathera pa tailosi. Pamwamba pa tailosi pali kagalasi kopyapyala komwe kamathetheka chitsulo chikangokakanikiza, ndipo kuseri kwake nthawi zambiri kumakhala mphako pamene womanga sanadzaze bwino. Gogodani ndi chala mumve. Ikalira ngati ng'oma, dziwani kuti mukatsamiritsapo chitsulo yasweka basi. Koma silikoni yemweyo akakumana ndi chinthu chakuthwa amagonja msanga. Nanga bwanji mukulimbana naye kumbali yomwe ali ndi mphamvu?

Musanagwire mpeni, suzumirani kaye pansi pa chinthucho. Zopachikapo mathawulo ndi zoikapo mapepala a m'chimbudzi zambiri zimakhala ndi kasikuluwu kobisika pansi, komasula ndi Allen key (kachitsulo kopindika ngati L) yaing'ono ya mamilimita 2 kapena 2.5. Kakamasuka, chinthucho chimavuka n'kusiya kachitsulo komangidwa pakhoma. Ambiri amathyola tailosi polimbana ndi sikuluwu yomwe sanaione, iwo n'kumati ndi silikoni. Ngati ndi sinki, tsekani madzi, masulani mapaipi ndi mabawuti apansi, ndipo wina aigwirire. Sinki yomwe yatsala pa silikoni yekha imagwa mosachenjeza.

Kenako matani tepi yapepala pamatailosi kuzungulira chinthucho, mizere iwiri kapena itatu. Tengani mpeni wa lezala watsopano, osati wobuntha, muugoneke pa tailosi n'kudula silikoni wam'mbali. Dulani kawiri, kamodzi motsata khoma, kachiwiri motsata chinthucho, kuti atuluke ngati kachingwe. Mpeni ukaima chilili umakanda. Ukagona umatsetsereka.

Ntchito yeniyeni ili kuseri, komwe mpeni sufika, ndipo apa m'pomwe opupuluma amathamangira hamala. Pezani ulusi wa nayiloni wowedzera nsomba, wolukidwa uja ndiye wabwino, wotalika pafupifupi mita imodzi. Ulusi wotsukira mano umagwiranso ntchito pazinthu zazing'ono ngati mwaupinda kawiri, ngakhale umaduka pafupipafupi. Mangani mbali zonse ziwiri patimitengo kuti usakuchekeni zala. Ulowetseni kuseri kuchokera pamwamba, muziukoka uku ndi uku ngati sowo, manja anu ali pafupi ndi khoma, mukutsika pang'onopang'ono. Kadontho ka sopo wamadzi paulusi kamathandiza kuti usamakakamire. Mpata ukatseguka, lowetsanimo khadi lakale lapulasitiki kuti silikoni wodulidwayo asapanenso ulusi. Khadilo ndi losunga mpata chabe, si lokanulira! Ulusi ukaima osayenda ndiye kuti wapeza sikuluwu kapena guluu wina wouma gwa. Imani muone bwino, musakakamize. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa kalilole onjezerani kusamala. Matani tepi mopingasa pankhope pake ponse kuti akasweka zidutswa zisamwazike, valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso, ndipo mukhale awiri. Mphindi yomwe ulusi udule silikoni womaliza, kulemera konse kumagwera m'manja mwa wogwirizayo.

Ena amati tenthetsani. Silikoni amapirira kutentha kofika madigiri 200, ndiye choumitsira tsitsi sichingamusungunule. Chimathandiza pokhapokha ngati kuseriko anamatanso ndi tepi yomata mbali ziwiri. Mukabweretsa heat gun, chipangizo chouzira mpweya wotentha kwambiri, chimene chiyambe kugonja ndi kalilole kapena pulasitiki, silikoni ali phee.

Chinthucho chikachoka, pakhoma pamatsala zibuma za silikoni. Apanso timadula, sitikhula ndi sandpaper kapena waya wotsukira mapoto, chifukwa zimenezo zimapha kuwala kwa tailosi mpaka kalekale. Lezala wogona pafupifupi madigiri 30 amasenda bwino pa tailosi yosalala. Pa chosambiramo cha pulasitiki ya acrylic kapena pulasitiki ina iliyonse, lezala ayi, gwiritsani ntchito chopalira chapulasitiki. Kachikopa kopyapyala kotsalira ndi ka mankhwala ochotsera silikoni: pakani, dikirani nthawi yomwe yalembedwa pabotolo, palani, ndipo ngati pakufunika bwerezani. Mankhwalawo amangomufewetsa, samusungunula, choncho kupaka pachibuma chokhuthala musanasende n'kutaya mankhwala. Acetone, mankhwala ochotsera penti wa zikhadabo aja, asayandikire pulasitiki. Pa marble ndi miyala ina yachilengedwe yesani kaye pakona yobisika, popeza mankhwala ena amasiya banga. M'mizere ya grout, simenti ya pakati pa matailosi ija, silikoni amalowerera, ndiye pamafunika kaburashi kolimba ndi mtima wofatsa.

Pomaliza pukutani ndi sipiriti, pasiyeni paume. Silikoni watsopano sagwira bwino pa wakale. Mukasiya kachikopa kaja, mzere watsopano udzasupuka, madzi adzalowa kuseri ndipo nkhungu yakuda idzabwerera. Mukamata watsopano, madzi asafikepo kwa maola 24.

Ntchito yonseyi, pa choikapo sopo chimodzi, siposa ola, kupatula nthawi yodikira. Amene amaswa amangofuna kumaliza msanga. Koma kupeza tailosi yofanana ndi yomwe inaikidwa zaka khumi zapitazo kumatenga masiku, nthawi zina osaipeza n'komwe, khoma n'kukhala ndi chigamba.

Ndipo nanunso amisiri omata, muli ndi gawo lanu pa mkwiyo wangawu. N'chifukwa chiyani mumapaka silikoni kuseri konse ngati mukuzira nyumba? Mizere yochepa yoimirira, yotalikirana, imakwana ndipo imalola mpweya kulowa kuti aume. Mukadzaza ponse n'kutseka m'mbali, wapakati amakhala wosauma kwa nthawi yaitali, ndipo wodzachotsa mawa adzavutika pachabe. Choipa kuposa apo ndi kumata kalilole ndi silikoni wonunkha viniga uja. Asidi wake amatha kudya siliva wakuseri, kalilole n'kutuluka mawanga akuda. Pa kalilole pamafunika silikoni wa neutral, wopanda asidi, kapena guluu wa kalilole, ndipo zimenezi zimalembedwa patchubu pomwepo, kungoti simuwerenga.