Mwana pamapewa, foni m'manja, galimoto ikubwera

Ndabwerako ku mpikisano wa magalimoto ku tauni ya Jwaneng koma mtima wanga sunakhale pansi. Mawu andithera, ndipo si chifukwa chochemerera magalimoto ayi. Ndawathera pa bambo wina wamkulu ndithu, wa imvi zake m'ndevu.

Kwa amene simuudziwa, uwu ndi mpikisano wa magalimoto wa m'chipululu cha Kalahari ku Botswana, wa makilomita pafupifupi 1000, umene eni dziko amangouti Mantshwabisi. Umachitika mu June, m'nyengo yozizira, ndipo anthu timagona kutchire konko. Ife tinakhoma tenti Lachisanu madzulo, mabulangete awiriawiri, nyama pawaya, manja onse pamoto. Loweruka m'mawa tinakaima pakona ina pomwe anali atakokapo chingwe choti owonerera tisapitirire. Tonse tinali kuseri kwa chingwecho. Kenaka bamboyu anachilumpha, kamwana ka zaka ngati zinayi kali pamapewa, foni m'manja, n'kukaima kunja kwa kona, penipeni pomwe galimoto imaponyera kumbuyo kwake ikamakhota.

Ndinakuwa kuti abwerere. Anangondikupizira dzanja, ati akuiona. Akuiona! Hilux itatulukira, mchenga ndi timiyala zinawaza onse awiri, kamwana kanayamba kulira kakutikita m'maso, iye ali busy kuseka akuonera vidiyo yomwe wajambula.

Abale anga, chingwe chija sichokongoletsa. Sanachikoke kuti muziyanikapo majuzi. Galimoto ikakhala pamchenga siima ngati pa tala, ukaponda buleki imangotsetsereka kupita komwe yafuna. Woyendetsa uja wavala chisoti, wamangidwa malamba, wazingidwa ndi zitsulo, ikagubuduka amatuluka n'kudzikuntha fumbi. Nanga inu mwavala chiyani? Kajuzi ndi masilipasi. Mwana wanuyo wavala chiyani? Kachipewa ka ulusi. Ndipo fumbi la galimoto yoyamba limabisa yachiwiri, woyendetsayo sakukuonani, inunso simukumuona, mumangomva mkokomo osadziwa kuti watulukira mbali iti. Ndiye mukamati ndikuiona, mukuona chiyani?

Ena muti ndi mowa, ena muti ndi matenda a foni ofuna ma like pa Facebook. Kaya. Ine zifukwazo sizikundikhudza. Imani kuseri kwa chingwe basi. Oyang'anira njira sangaime pa chitsamba chilichonse cha m'chipululu kumakuwetani ngati mbuzi.

Izi zinaphapo kale anthu. Mu August 2010 ku chipululu cha Mojave ku America, pa mpikisano wa California 200, galimoto inalumpha n'kugwera m'gulu la anthu omwe anaima m'mphepete mwenimweni mwa njira, anthu 8 anafa. Ku Australia, pa mpikisano wa Finke womwe umayambira ku Alice Springs, komwenso anthu amagona m'matenti m'mbali mwa njira ngati ife, mu 2021 galimoto inapha wowonerera mmodzi, ndipo mpikisano wa magalimoto chaka chimenecho unathera pomwepo. Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Chondiwawa ine n'choti nkhwangwa ya bambo ujayo ikanagwera m'mutu mwa mwana amene sanapemphe kuti akamuimike pamenepo.

Ngati moyo wakukwanani ndi wanu, koma mwana musiyeni ndi mayi ake kuseri kwa chingwe. Vidiyo ya masekondi khumi, yogwederagwedera, yodzaza fumbi, yomwe mawa lino mwaiiwala, ndiye muikirepo mwana? Mukanaima pomwe tinaima ifepo mukanaonanso bwino kuposa pamenepo, ife galimoto tinaiona yonse ikukhota, inu munangoona mchenga.

Ndipo poti ndayamba kale, nanunso anyamata a mabaki, magalimoto a pikapu aja. Usiku wa Loweruka, cha m'ma 1 koloko, anthu tili m'tulo, inu mwakhuta zanu, mwayamba kuzungulirazungulira pakati pa matenti ngati nanunso muli pa mpikisano. Nyali zanu zinawala mkati mwa tenti yathu, tayala linadutsa n'kuzula chikhomo cha chingwe cha kumutu kwanga. Tenti ndi nsalu chabe, mkatimo muli mitu ya anthu. Kutacha munali mutapita, mwatisiyira mabotolo osweka mumchenga momwe ana amayendamo opanda nsapato, tinatola tokha mpaka kudzaza thumba la makala.