Injini yamoyo kuimwetsa poizoni, ati ndi chitukuko

Usiku wapitawu tulo tinandithawa chifukwa cha kakanema kamene mphwanga ananditumizira pa WhatsApp. N'kakalekale, ka 2009, kojambulidwa kuseri kwa malo ena ogulitsira magalimoto ku America. Mnyamata wa ovolosi akukhetsa oyilo yense mu injini, akuthiramo timadzi tina tonanda, kenako akuliza galimoto n'kuponda mafuta. Injini ikulira bwinobwino, mosalala, yopanda n'kachifuwa komwe. Pakupita kanthawi ikuyamba kubuula, utsi tolotolo, kenako gwa! Zii. Anyamata aja n'kumaseka.

Ine sindinaseke. Ndatha masabata atatu ndikupondaponda ku Biwi kusaka injini ya kagalimoto kanga kamene kananoka pochokera kumaliro, ndipo iliyonse imene akundionetsa, mtengo wake ukumandibweza manja ali m'khosi. Ndiye kuona anthu akupha dala injini yamoyo, kwa ine zinali ngati kuonerera munthu akuthira palafini m'nkhokwe mwezi wa February.

Anyamatawo sanali openga ayi. Ankatsatira lamulo la boma.

Chaka chimenecho chuma cha dziko lonse lapansi chinali chitagwa chagada. Ku America anthu anasiya kugula magalimoto atsopano, makampani opanga magalimoto a General Motors ndi Chrysler anafika pogwada, ntchito zikutha. Ndiye mu June 2009 Barack Obama anasayinira lamulo limene anthu anangolipatsa dzina loti Cash for Clunkers, kunena kuti bweretsani chiphapha chanu mulandire ndalama. Ukapita ndi galimoto yako yakale kwa ogulitsa magalimoto, boma linkakuchotsera madola 3,500 kapena 4,500 pa mtengo wa yatsopano, kutengera kuti yatsopanoyo ikupulumutsa mafuta ochuluka bwanji. Anayamba ndi madola 1 biliyoni, inatha m'masiku owerengeka, anawonjezera 2 biliyoni ina, ndipo pofika pa 24 August zonse zinali zitatsekedwa. Magalimoto pafupifupi 690,000 analowa m'ndondomekoyi.

Tsono tamverani malamulo ake, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Galimoto yakaleyo inkayenera kukhala yoyenda yokha, osati yokokedwa. Inkayenera kukhala ndi inshuwalansi ndi mapepala a mwini wake kwa chaka chathunthu. Isapitirire zaka 25. Ikhale yomwa mafuta, yosakwanitsa makilomita 8 pa lita. Mwaona? Dzina ankati ziphapha, koma chiphapha chenicheni, chija chimagona pa njerwa kuseri kwa nyumba nkhuku n'kumaikiramo mazira, sichinkaloledwa n'komwe. Zimene zinkaphedwa zinali galimoto zoti dzulo lake zinaperekeza ana kusukulu. Imene inaperekedwa kwambiri inali Ford Explorer, ndipo imene inagulidwa kwambiri inali Toyota Corolla, zomwe n'zoseketsa pang'ono poti cholinga china chinali kudzutsa makampani a magalimoto a ku America konko, a mumzinda wa Detroit.

Timadzi tija dzina lake ndi sodium silicate. Malita pafupifupi awiri m'malo mwa oyilo, injini n'kuiliza mpaka itenthe. Madzi akauma chotsalacho chimalimba ngati galasi, zitsulo zonse zam'kati n'kugwirana. Palibe makaniko padziko pano, ngakhale wa ku Ndirande amene amadzutsa zakufa, angaiukitse injini imeneyo.

N'chifukwa chiyani anachita kufika pamenepo? Yankho lake likutikhudza ife. Miyezi ingapo m'mbuyomo, Germany inali itayamba kale ndondomeko yake, yopereka ma euro 2,500 kwa munthu wotaya galimoto ya zaka 9 kapena kuposerapo. Anaikapo ma euro 5 biliyoni, magalimoto pafupifupi 2 miliyoni. Koma kumeneko injini sankaipha, ankangodalira pepala lonena kuti galimoto yaphwanyidwa. Ndiye mukudziwa mmene pepala limakhalira. Bungwe la apolisi ofufuza milandu m'dzikomo linayerekeza kuti magalimoto ofika mwina 50,000, amene pa pepala anali ataphwanyidwa, anatuluka mozemba kupita kum'mawa kwa Ulaya ndi kuno ku Africa. A ku America sanafune zoterozo. Anati ife tiyambira kupha mtima wa galimotoyo, tione amene akaigule. Kunena mosapsatira, poizoni uja anathiridwa kuti galimotoyo isadzafike m'manja mwa munthu ngati ine.

Tibwere kwa eni malo ophwasulira magalimoto, anthu amene ambiri amaganiza kuti anadyerera pa nkhaniyi. Ukangoona pamwamba ungati inde, magalimoto mazanamazana kukupeza pakhomo osawasaka. Koma aliyense amene anaimapo pa shopu ya masipeyala akudziwa kuti pa galimoto yophwasula, ndalama yeniyeni ili mu injini ndi giya bokisi. Zitseko, magalasi, nyali, mipando, izo ndi ndiwo chabe. Ndiye akubweretsera mbuzi atachotsa kale nyama, iwe n'kutsala ndi chikopa ndi ziboda. Pamwamba pa izo anawaikira malire a masiku 180 kuti chotsalacho chikhale chitaphwanyidwa kapena kuperedwa. Bizinesi ya masipeyala simayenda choncho. Galimoto imatha kukhala pabwalo zaka ziwiri kapena zitatu, lero wina wadzatenga sitata, mwezi wamawa wina wadzatenga chitseko chakumbuyo, mpaka itatha ngati nyama ya pa mpanda. Ukauza munthu kuti magalimoto amene akanabwera pang'onopang'ono abwere onse mwezi umodzi, ndipo athane nawo m'miyezi isanu ndi umodzi, alibe anyamata okwanira omasula, alibe mashelefu, alibe malo. Zinthu zabwinobwino zinangolowa m'chigayo cha zitsulo. Boma linachita kuwonjezera masiku ena 90 eni mabwalowo atadandaula.

Ku Germany mabwalo anadzaza mpaka magalimoto kumasanjikizana. Ku Britain, kumene ankapereka mapaundi 2,000, theka lochokera kuboma theka kwa opanga magalimoto, pa galimoto yopitirira zaka 10, magalimoto pafupifupi 390,000 anaperekedwa pakati pa May 2009 ndi March 2010. Ena anakaunjikidwa pa bwalo lakale la ndege la Thurleigh ku Bedfordshire, n'kumaola ndi mvula kudikira tsiku lawo. Pakati pawo panali ma Jaguar, ma Porsche ndi ma Morris Minor amene okonda magalimoto akale akanawalimbirana, koma lamulo silinkalola kuti abwererenso pamsewu.

Koma amene ndikumumvera chisoni kwambiri si mwini bwalo. Iye ndi wabizinesi, anapeza pena n'kutaya pena. Ndikuganiza za wogula.

Ogula analipo awiri, ngakhale andale ankalankhula ngati alipo mmodzi. Woyamba ndi uja anali ndi ntchito yokhazikika, banki ikumukhulupirira, wokhoza kulipira ngongole ya galimoto yatsopano mwezi ndi mwezi. Ameneyo analandira mphatso. Ndipo ambiri mwa iwo akanagulabe galimoto ngakhale popanda mphatsoyo, anangofulumizitsa tsiku. Akatswiri a zachuma awiri, Atif Mian ndi Amir Sufi, atafufuza anapeza kuti malonda anakweradi mu July ndi August 2009, koma m'miyezi yotsatira anatsika, moti pasanathe chaka phindu lija linali litafufutika pafupifupi lonse. Ku Germany chimodzimodzi: magalimoto atsopano okwana 3.8 miliyoni mu 2009, chaka chotsatira 2.9 miliyoni. Kwathu kuno timazidziwa izi. Ukakazinga chimanga chonse chili chachiwisi, mwezi wa March umakhuta ndithu, koma pokolola ngolo imabwera yopepuka.

Wogula wachiwiri ndi uja sanagulepo galimoto yatsopano chibadwire ndipo sadzagula. Mayi wosamalira okalamba amene amagwira ntchito usiku kumalo kosafika basi. Mnyamata woyamba kumene uplambala amene akufuna kapikapu koti anyamulire mapaipi. Munthu ameneyu amadikira kuti woyamba uja atope nayo galimoto yake, iye aigule ndi madola 2,000 kapena 3,000. Injini ikafa amapita ku bwalo la ziphapha kukagula ina yogwirapo ntchito. Ndondomeko ija inamulanda zonse ziwiri nthawi imodzi, galimoto yotchipa ndi injini yosinthira, ndipo inachita zimenezo ndi msonkho umene iyenso amalipira. Mphatsoyo sakanailandira chifukwa chitseko chake chinali kugula yatsopano.

Ndisanamize anthu, mitengo ya magalimoto a kaunjika itakwera ku America m'zaka zotsatira, chifukwa sichinali ichi chokha. Malonda a magalimoto atsopano anali atatsika kuchoka pa 16 miliyoni mu 2007 kufika pa 10 miliyoni ndi kakuti mu 2009, ndiye akaunjika anayenera kuchepa basi. Ndiponso 690,000 ndi dontho m'dziko la magalimoto pafupifupi 250 miliyoni. Koma dontholo silinatapidwe paliponse. Linatapidwa pansi penipeni pa msika, pomwe osauka amagulapo, chifukwa palibe wanzeru amene akanapereka galimoto yokwana madola 10,000 kuti alandire 4,500. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame, ndipo okonza ndondomekozi ambiri amakhala ali pamsana pomwepo.

Ena mundiuza kuti achimwene, nanga utsi? Ndikuvomera, ndipo sindikuichepetsa nkhaniyo. Magalimoto amene anagulidwa ku America ankayenda pafupifupi makilomita 10 ndi theka pa lita pomwe otayidwawo sankafika 7. Ku London kunali kamtsikana ka zaka 9 ka ku Lewisham kamene kanamwalira mu 2013 ndi mphumu, ndipo mu 2020 khoti lofufuza za imfa linagamula kuti mpweya woipa wa mumsewu unali chimodzi mwa zimene zinakapha. Amene anaimapo kumbuyo kwa minibasi yofuka pa depoti ya Lilongwe sangatsutse kuti utsi umadwalitsa. Galimoto yakale yofuka iyenera kuchoka pamsewu tsiku lina. Chimene ndikukana ndi kusakaniza zolinga. Ngati mukufuna kupulumutsa mafakitale, nenani choncho. Ngati mukufuna mpweya wabwino, yambani ndi galimoto zofukitsitsa ndipo ndalamayo ipite kwa amene sangathe kusintha payekha. Mu 2009 anavala malaya a zachilengedwe pamwamba, koma m'kati munali malonda a magalimoto atsopano. Kupanga galimoto yatsopano nakonso kumadya zitsulo, magetsi ndi mafuta, ndipo zimenezo sizinkatchulidwa kwenikweni pa misonkhano ya atolankhani.

London inayesako mwina. Pamene meya Sadiq Khan anakulitsa dera lochepetsa utsi lotchedwa ULEZ kufika mzinda wonse pa 29 August 2023, galimoto yosakwaniritsa muyezo wa utsi n'kumalipira mapaundi 12.50 patsiku, panali thumba lothandiza anthu kutaya magalimoto awo, mpaka mapaundi 2,000 pa galimoto. Ubwino wake, anayambira kwa olandira thandizo la boma ndi olumala asanatsegulire aliyense, ndipo sankakukakamiza kugula yatsopano. Ukafuna ugule yakale ina ya petulo yovomerezeka, ukafuna uzikwera basi. Apo ndiye ndikuti anaganizako za wogula wachiwiri uja. Abale athu ambiri kumeneko amagwira ntchito yoyendera odwala m'makomo, galimoto ndiye khasu lawo, ndipo akudziwa okha ngati mapaundi 2,000 ankakwana kugulira khasu lina.

Chimene chinandigwira mtima ku London n'china. Anthu atadandaula kuti magalimoto amphamvu akuphwanyidwa pomwe ku Ukraine akufunika onyamulira ovulala pa nkhondo ndi katundu, ndipo meya wa Kyiv, likulu la dzikolo, Vitali Klitschko atapempha, mu 2024 analola kuti munthu alandire ndalama yake ija koma galimotoyo, m'malo mophwanyidwa, itumizidwe ku Ukraine. Ndiye kuti n'zotheka. Galimoto imene ili yoletsedwa mumzinda wina ingathe kukhala ambulansi kwina, akuluakulu akangofuna.

Apa ndiyenera kusamala, chifukwa ndikudzimva ndekha ndikuyamba kupempha kuti zinyalala za azungu azititumizira. Ayi. Bungwe la United Nations loona zachilengedwe linanena mu 2020 kuti pakati pa 2015 ndi 2018 magalimoto akaunjika okwana 14 miliyoni anatuluka ku Ulaya, America ndi Japan, gawo lalikulu n'kubwera ku Africa, ambiri mwa iwo okalamba ndi ofuka. Sitikusowa ziphapha, tili nazo zokwanira. Ndipo kunena zoona ma Ford Explorer aja, a chiwongolero cha kumanzere ndi ludzu la mafuta lotero, sakanatithandiza ife a pa mzere wa pa filing'i siteshoni. Athu amachokera ku Japan, kudzera pa Dar es Salaam ndi pa Songwe. Koma ife ndi wogula wachiwiri uja, tonse dziko lathunthu. Sienta iliyonse yonyamula anthu, Probox iliyonse ya mavenda, inali ya munthu wina ku Nagoya kapena ku Osaka amene anatopa nayo. Injini imene ndikusaka ku Biwi inachotsedwa m'galimoto ina kutsidya la nyanja ndi munthu amene anapatsidwa mpata woimasula bwinobwino. Maiko olemera akamathamangira ku magalimoto amagetsi, ndondomeko zotere zidzabweranso, ndipo mmene adzalembere malamulo ake, kaya masipeyala apulumuke kaya zonse zilowe m'chigayo, tidzazimva ife pa mtengo wa giya bokisi popanda wotifunsa.

M'mawa uno ndinamuonetsa kanemayo makaniko wanga, bambo wachikulire amene wakhala akugona pansi pa magalimoto kuyambira ndili mwana. Anaonera mpaka kumapeto osayankhula, sipanala ili m'manja. Itazima injini ija anandibwezera foni, n'kupukuta manja pa ovolosi.

"Bwana, imene ija inali isanafike n'pakati pomwe," anatero. Kenako anandiuza kuti pali kontena imene ikuyembekezeka Lachisanu, mwina muli ya saizi yanga, ndibwere ndi ndalama yokwanira chifukwa tilipo anthu anayi amene tikuidikira.