Apaulendo inu, maganizo azikhala pomwe pali mapazi

Ana athu, tamverani kuno. Khalidwe la anthu opita kokaona malo likutidetsa nkhawa. Munthu wasunga ndalama chaka chathunthu, wafika pa mathithi amene ankawalakalaka, koma choyamba n'kuwafulatira, foni m'mwamba, n'kumabwerera chambuyo kuti chithunzi chikwane. Thupi lili m'mphepete mwa phompho, maganizo ali pa Facebook. Miyala ya pa mathithi imakhala yonyowa nthawi zonse ndipo imamera ndere. Phazi likaterereka pamenepo palibe chogwira.

Kafukufuku amene anatuluka mu 2018 anapeza kuti kuyambira mu 2011 mpaka 2017 anthu 259 anafa akudzijambula okha, ambiri achinyamata. Ochuluka anamira m'madzi, ena anagundidwa ndi sitima kapena magalimoto, ena anagwa pamalo okwera.

Ndiye mukafika pamalo achilendo, foni ikhale m'thumba kwa mphindi zisanu. Onani pomwe mpanda wathera, werengani zikwangwani, dziwani njira yobwererera. Pojambula imani chilili, mapazi onse awiri pouma, mutayang'ana kaye kumbuyo. Mukafuna kusuntha, tsitsani foni, sunthani, kenako jambulani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhani ya nyama ndiye yotikwiyitsa. Ku paki ya Yellowstone, ku America, lamulo likuti mutalikirane ndi njati za kumeneko mamita 23, ndipo zimbalangondo ndi mimbulu mamita 91. Njatiyo imaoneka yaulesi ikamadya msipu, koma imathamanga makilomita opitirira 50 pa ola. Simungaithawe. Ikasiya kudya n'kukuyang'anani, kupalasa pansi kapena kuimika mchira, mwayandikira kale mopitirira, bwererani pang'onopang'ono. Woyang'ana pa foni zizindikiro zimenezi saziona. Chifundo chosafunsa nachonso chimapha. Mu 2016 alendo ena komweko ananyamula mwana wa njati m'galimoto poganiza kuti akumva kuzizira. Gulu lake linamukana, ndipo oyang'anira pakiyo anachita kumupha.

Kuphiri mverani thupi lanu. Kupitirira mamita 2,500 mpweya umapepuka, ndipo pansonga ya Kilimanjaro, mamita 5,895, mukakoka mpweya mumapeza okosijeni pafupifupi theka la amene mumapeza m'mphepete mwa nyanja yamchere. Matenda obwera chifukwa cha kuchepa kwa okosijeniku amayamba patapita maola angapo: mutu, nseru, kusafuna kudya, kusowa tulo. Ambiri amabisa poopa kusekedwa kapena kuchedwetsa anzawo, amangomwa mankhwala a mutu n'kupitiriza kukwera. Kumeneko n'kudzipha. Zizindikiro zikayamba musakwerenso mpaka zithe. Mukadutsa mamita 3,000, malo ogona lero asakwere kuposa a dzulo ndi mamita opitirira 500, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi pumulani tsiku limodzi. Mnzanu akayamba kudzandira ngati woledzera, kuyankhula zosamveka, kapena kubanika atangokhala pansi, ndiye kuti ubongo ukutupa kapena madzi akudzaza m'mapapo. Mutsitseni nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo asatsike yekha.

Kunyanja yamchere, musanalowe imani pamtunda muwayang'ane madziwo. Pakati pa mafunde oyera pamakhala kanjira kakuda, kooneka bata, pomwe mafunde sakusweka. Osadziwa amasankha pomwepo poyesa kuti mpabwino, chonsecho mpomwe madzi amabwerera m'nyanja mwamphamvu. Akakukokani musalimbane nawo poloza kumtunda, mudzatopa n'kumira. Yandamani, kwezani mkono kuti akuoneni, sambirani chopingasa motsata gombe mpaka mutuluke mumkokomowo.

Za katundu n'zachidule. Nthawi iliyonse mukanyamuka pampando, m'basi, m'ndege kapena podyera, gwirani zinthu zitatu: pasipoti, foni, chikwama cha ndalama. Kenako cheukani pomwe munakhala.

Kumbukiraninso kuti malo amene mwapitawo ndi kwawo kwa anthu ena. Musajambule munthu musanapemphe, ndipo akakana vomerezani. Safunsa anadya phula, choncho funsani za kavalidwe musanalowe m'nyumba zopemphereramo. Malowo amawonongeka ndi ife tomwe. Phanga la Lascaux ku France, lomwe lili ndi zojambula zakalekale, analitseka mu 1963 chifukwa mpweya ndi chinyezi cha alendo zinkawononga zojambulazo. Gombe la Maya Bay ku Thailand analitseka mu 2018 mpaka 2022 kuti zamoyo za m'madzi zibwerere. Nanga inu amene mumakanda mayina anu pamakoma ndi kusisita zojambula ndi zala zathukuta? Akalemba kuti musagwire, manja akhale kumbuyo, ndipo muziyenda m'njira yomwe anakonza basi.